Matabwa 13 ndi denga limene likanagwada

Kumudzi kwa amayi anga, m'boma la Dedza, mpingo unkamanga holo yochitiramo misonkhano ndi maukwati. Makoma anali atafika pamwamba, malata atagulidwa kale, matabwa a paini ali mulu pansi pa mtengo wa mango. Wokhoma denga anali malume anga, kalipentala amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Ine ndinapita kukangoona agogo, ndipo laputopu inali m'chikwama chifukwa cha ntchito ina ya ku ofesi. Nditafika pamalopo ndinapeza hamala ili pansi, anyamata othandiza atakhala pa njerwa, malume ndi a tcheya a komiti ya zomangamanga atafulatirana.

Mkangano wonse unali pa thabwa limodzi. Mpaka lero ndikatsegula Excel, pulogalamu ya matebulo owerengera, thabwa limenelo limandibwerera m'mutu.

## Sitikuchotsa, tikungosamutsa

Holoyo ndi ya mamita 8 m'lifupi, ndipo nsonga ya denga imakwera mamita 2 pakati. Truss (chimango cha matabwa chonyamula denga) imene malume anajambula ndi choko pa simenti ndi ija mumaiona m'matchalitchi ambiri opanda siling'i: thabwa logona pa makoma awiri, awiri otsetsereka okumana pansonga, mzati wapakati, timizati tiwiri tatifupi uku ndi uku, ndi matabwa awiri opendekeka ochoka patsinde pa mzati wapakati kukagwira otsetsereka aja pakatikati. M'mabuku imatchedwa Howe, dzina la William Howe wa ku America amene analembetsa kamangidwe kake ka milatho mu 1840. Malume dzinalo alibe nalo ntchito. Amangodziwa kuti imagwira.

A tcheya ankafuna kuti kutsindwi, mbali ya kumanja, kukhale mpata wodutsa holo yonse woti azisungamo mapolo a matenti ndi mabenchi otsala. Thabwa lopendekeka la kumanja ndi limene linkatseka mpatawo.

“Amisiri, sitikuchotsa thabwa ayi,” iwo anatero. “Tikungolisamutsa. Lichoke kumanja, likakhomedwe kumanzere, lipingasane ndi linzake lija. Matabwa ndi omwewo, misomali ndi yomweyo.”

“Likachoka pamenepo, a tcheya, denga lidzagwada.”

“Chifukwa chiyani?”

“Lidzagwada basi.”

A tcheya si munthu wa makani opanda pake. Ndi mphunzitsi wopuma, amene ndalama ya chopereka amaiwerenga mpaka tambala, ndipo anali ndi ufulu wofunsa chifukwa. Malume nawonso ankanena zoona, koma chidziwitso chawo chili m'manja, pakamwa sichituluka msanga. Ndiye atandiona anangoti, “Mphwanga, iwe unapita kusukulu ya zimenezi. Tawauza.”

## Mfundo iliyonse imanena zinthu ziwiri

Ndinakhala pa mulu wa njerwa, laputopu pamwendo, a tcheya ataimirira kumbuyo kwanga.

Ganizo lake ndi lophweka kuposa mmene limamvekera m'kalasi. Pamene matabwa akumana, pamfundo, palibe chikuyenda. Ngati sichikuyenda, ndiye kuti zokokera kumanzere zikufanana ndi zokokera kumanja, zokankhira mmwamba zikufanana ndi zokankhira pansi. Mfundo imodzi, ma equation awiri. Truss yathu ili ndi mfundo 8, zisanu pansi ndi zitatu pamwamba, choncho ma equation ndi 16.

Nanga zosadziwika? Pa masamu, kachigawo kalikonse ka pakati pa mfundo ziwiri timakawerenga ngati thabwa palokha: 4 pansi, 4 otsetsereka, 3 oimirira, 2 opendekeka. Onse pamodzi 13, ndipo lililonse lili ndi mphamvu yake imene sitikuidziwa. Kuwonjezera apo pali mphamvu 3 za makoma: khoma lililonse limakankhira mmwamba, ndipo limodzi timaliona ngati likugwiranso cham'mbali. 13 kuphatikiza 3 ndi 16. Mafunso 16, ma equation 16.

Ndi ma simultaneous equation omwe aja a ku sekondale, a x ndi y, kungoti pano achuluka. Pamanja munthu angathe, kuyamba pamfundo ya pakhoma nkumayenda imodzi imodzi. Koma wina akangosintha thabwa limodzi uyenera kuyambiranso, ndipo pamalo pamene anthu akukangana palibe amene angakudikire.

Mu spreadsheet, tsamba la timabokosi la Excel, ndinayamba ndi malo a mfundo, mamita angati kuchoka pakhoma la kumanzere, mamita angati kukwera. Kenako tebulo lalikulu, mizere yogona 16 ya ma equation, mizere yoimirira 16 ya zosadziwika. M'kabokosi kalikonse mumalowa nambala yonena kuti mphamvu ya thabwa ilo, pamfundo iyo, yochuluka bwanji ikupita cham'mbali kapena chokwera. Thabwa logona limatenga 1 kapena -1. Otsetsereka athu, okwera mita imodzi pa mamita awiri alionse, amatenga 0.894 cham'mbali ndi 0.447 chokwera. Manambala amenewa sindinawalembe pamanja. Ndinasiya kompyuta iziwatenga pa malo a mfundo, kusiyana kwa malo kugawa ndi kutalika kwa thabwa, ndipo zimenezi zinadzatithandiza patsogolo.

Timabokosi tonse ndi 256, koma tokhala ndi nambala yeniyeni ndi 41 tokha. Totsalato ndi ziro, ndipo ziroyo uyenera kuilemba ndithu. Ukasiya kabokosi kopanda kanthu, MINVERSE, fomula yotembenuza tebulo kuti tipeze mayankho, imakubwezera uthenga wa cholakwika wakuti #VALUE!, nkumadabwa kuti chalakwika nchiyani.

Pambali ndinaika mzere wa katundu. Kuti tione chithunzi chake, ndinaika 1 kN pa mfundo iliyonse ya pamwamba ndi theka pa nsonga ziwiri za pakhoma. 1 kN ndi pafupifupi makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga. Ndiye fomula imodzi: MMULT, yochulukitsa MINVERSE ya tebulo lalikulu ndi mzere wa katundu. Excel ya pa laputopu imeneyo inali yakale, ija yofuna kuti usankhe timabokosi tonse 16 ta mayankho kenako udine Ctrl, Shift ndi Enter pamodzi. Yatsopano ya Microsoft 365 imangodzaza yokha. LibreOffice Calc, imene ndi yaulere, ndi Google Sheets zilinso ndi mafomula omwewa.

Mayankho a truss ya malume anatuluka bwinobwino. Logona pansi likukokedwa ndi 3.0 kN. Otsetsereka akupanikizidwa, 3.35 chakumunsi ndi 2.24 chakunsonga. Mzati wapakati, umene ambiri amaganiza kuti ukunyamula denga, kwenikweni ukukokedwa ndi 1.0. Opendekeka aja akupanikizidwa ndi 1.12 lililonse. Timizati tatifupi ziro, chifukwa panalibe siling'i yoti tinyamule. Makoma 2.0 lililonse, zimene zikukwana 4 kN amene tinaika. A tcheya anawerengera okha pa zala nkugwedeza mutu.

“Chabwino. Tsopano lisamutse.”

## Kompyuta inakana

Kusamutsa thabwa mu tebulo ndi ntchito ya mzere umodzi woimirira. Ndinafufuta manambala anayi a lopendekeka la kumanja, nkuika ziro, nkulemba anayi atsopano pa mfundo ziwiri za kumanzere. Matabwa akadali 13. Tebulo likadali 16 kwa 16.

Timabokosi tonse 16 ta mayankho tinasanduka #NUM!

Panali zii. Mnyamata wina anadzuka pa njerwa kudzasuzumira. A tcheya anawerama, magalasi ali pamphuno.

“Yawonongeka?”

“Ayi bambo, ili bwino. Ikukana.”

“Ikukana chiyani?”

“Ikunena kuti palibe manambala 16 amene angakwaniritse ma equation onsewa pamodzi. Palibe njira yoti matabwa amenewa, atakhomedwa chonchi, agawane katunduyu nkukhala chilili.”

Ndinalemba pambali MDETERM, fomula yopereka determinant, nambala imene ikakhala ziro imasonyeza kuti tebulo silingapereke yankho limodzi lokha, ndipo inatulutsa ziro. Ndinabweza thabwa pamalo pake, mayankho anabwerera. Ndinalisamutsanso, #NUM! A tcheya anati ndibwerezenso iwo akuyang'ana zala zanga, ndipo ndinatero.

Malume sanayang'ane nkomwe pa laputopu. Anatola zidutswa zinayi za matabwa zotsala pocheka, anazikhoma m'makona ndi msomali umodzi umodzi, nkupanga kachimango ka ngodya zinayi. Anakapereka kwa a tcheya. “Takankhani.” A tcheya anakankha ndi chala chimodzi, kachimango kanapindika ngati kakufuna kugona. Malume anakatenganso, anakhoma kadutswa kachisanu kuchoka kona ina kupita kona ina, nkubweza. A tcheya anakankha, anakanikiza ndi manja awiri, anakaika pa bondo. Sikanasunthe. Ndiye malume anatola kadutswa kachisanu ndi chimodzi nkukagoneka pamwamba mopingasa, osakhoma. “Ili likuwonjezera chiyani apa? Pomwe kwina kulibe ndi limodzi lomwe?”

Ine ndinakhala chete, mtima ukugunda. Chimene malume anaonetsa ndi zidutswa zija ndi chenicheni chimene #NUM! inkanena, mpaka pa mfundo yake yomaliza. Kumanzere kunali thabwa loposa, longobwereza ntchito imene linzake likugwira kale. Kumanja kunatsala chigawo cha ngodya zinayi chopanda chochigwira. Pa masamu timati mizere ina ya tebulo ikudalirana, siikubweretsa chatsopano. Ukalemba kuti x kuphatikiza y ndi 10, nkulembanso kuti 2x kuphatikiza 2y ndi 20, walemba ma equation awiri koma wanena chinthu chimodzi. Zili ngati mboni ziwiri pabwalo la amfumu zimene zagwirizana kunena mawu amodzimodzi: anthu ndi awiri, umboni ndi umodzi, mlandu sungagamulidwe.

Wasayansi James Clerk Maxwell wa ku Scotland analemba za kawerengedwe ka matabwa ndi mfundo kameneka mu 1864. Kuwerenga kwa a tcheya, kwakuti matabwa ndi omwewo, kunali kolondola mbali imeneyo. Kungoti chiwerengero chikakwana si ndiye kuti chimango chalimba. Pamafunikanso kuti thabwa lililonse likhale pamene likufunika, ndipo determinant ndi imene imaona zimenezo.

Ndifotokoze bwino apa, chifukwa ndinawauzanso a tcheya. Denga lenileni silikanagwa tsiku lomwelo. Masamu aja amaona mfundo iliyonse ngati hinji, pomwe thabwa lotsetsereka lenileni ndi limodzi lalitali losadukiza. Likanayamba kunyamula katundu mwa kupindika, pa mtunda wa pafupifupi mamita 4.5 wopanda chochirikiza, ntchito imene silinachekedwere. Mwaka ndi mwaka likanatsika, malata nkupindika, misomali nkumasuka, mvula nkulowa. Mapolo ndi mabenchi aja akanaikidwa pa malo ofooka omwewo. Mawu a malume akuti lidzagwada anali olondola kuposa mawu akuti lidzagwa.

Chenjezo lina kwa amene angayese: si nthawi zonse Excel imalemba #NUM! Imawerengera ndi manambala a malire, pafupifupi madijiti 15, ndiye nthawi zina determinant yoyenera kukhala ziro imatuluka kanambala kakang'ono ngati 1E-16, ndipo mayankho amatuluka aakulu modabwitsa, mabiliyoni a mabiliyoni. Uthenga wake ndi womwewo. Thabwa la denga la holo likaoneka likunyamula katundu woposa phiri la Dedza, bwererani ku chojambula.

## Mafunso a a tcheya

Chimene sindinayembekezere nchakuti a tcheya, atagonja pa thabwa lija, sanachoke. Anakoka njerwa nkukhala pambali panga.

“Nanga titatsitsa dengali? Mita imodzi m'malo mwa awiri. Malata angachepeko.”

Apa ndi pamene kusiya kompyuta kuti iziwerengera yokha ma 0.894 aja kunapindula. Ndinasintha manambala atatu okha, kutalika kwa mfundo zitatu za pamwamba. Logona pansi linachoka pa 3.0 kufika pa 6.0. Otsetsereka chakumunsi anadutsa 6. Katundu yemweyo, mphamvu kawiri, pofuna kupulumutsa masentimita ochepa a malata. A tcheya anaimba kamluzu. Malume anangoti, “Ndimawauza.”

“Nanga mphepo?”

Funso limeneli ndi limene ndimafuna aliyense womanga sukulu kapena tchalitchi azifunsa. Mvula zoyamba zikamabwera ndi chimphepo, madenga a masukulu amasasuka, ndipo nthawi zambiri sakhala atathyoka. Amanyamuka athunthu. Malata ndi opepuka, ndipo mphepo ikamadutsa pamwamba kapena ikalowa m'nyumba imawakweza. Tebulo lalikulu silisintha, chifukwa matabwa ali pomwepo. Umangowonjezera mzere wachiwiri wa katundu. Poyesa chabe ndinatembenuza manambala omwe aja kuti aloze mmwamba, ndipo zizindikiro zonse zinatembenuka. Logona pansi, lomwe linkakokedwa, tsopano likupanikizidwa, ndipo thabwa lalitali lopyapyala likapanikizidwa limathawira cham'mbali pokhapokha ma truss atamangirizidwa ina ndi inzake. Makoma, m'malo mokankhira mmwamba, ayenera kukokera truss pansi. Khoma silingakoke chinthu chimene changogonekedwa pamwamba pake. Waya kapena chitsulo chomangira chiyenera kuchokera mkati mwa njerwa, mizere ingapo pansi, kuti kulemera kwa khoma kugwire denga.

Malume anali atauza kale omanga makoma kuti akwirire waya. A tcheya anapita kukawerenga ngati alipo pa malo onse.

## Chimene chinasintha kwa ine

Ku ofesi kuli mapulogalamu okwera mtengo amene umajambula chimango, kudina batani, mayankho nkutuluka a mitundumitundu. Ndi abwino, ndipo pa nyumba zikuluzikulu palibe kuchitira mwina. Koma sindikanatha kukhala pa njerwa ndi mphunzitsi wopuma nkumuonetsa mkati mwake. Mu spreadsheet zonse zili poyera. Mzere uwu ndi mfundo iyi. Nambala iyi ndi thabwa ilo lili apolo. Munthu angaloze ndi chala nkutsutsa, ndipo ngati akunena zoona, mungakonze iye akuona.

Njira yake ndi yakale kwambiri. Ku China, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anthu ankayala timitengo towerengera m'mizere pa bolodi nkumachotsera mzere wina ku unzake mpaka yankho litatsala lokha. Lero njirayo timaitchula ndi dzina la Carl Friedrich Gauss wa ku Germany. Spreadsheet yoyamba ya pa kompyuta zazing'ono, VisiCalc ya Dan Bricklin ndi Bob Frankston, inatuluka mu 1979, ndipo ogula ambiri ankaifunira za ndalama. Koma bolodi la mizere ija ndi lomweli.

Kuchokera tsiku limenelo matebulo anga ndimawakonza moganizira munthu wina amene adzawawerenge. Mzere uliwonse uli ndi dzina. Determinant ili pamwamba poonekera. Pansi pamakhala mzere wotsimikizira, pamene ndimachulukitsa tebulo ndi mayankho kuti ndione ngati katundu amene ndinaika akubwereradi. Tebulo la mtundu womwewo ndaligwiritsa ntchito pa mawaya a sola, pamene malamulo a Kirchhoff a kayendedwe ka magetsi amapereka equation pa mfundo iliyonse, komanso posakaniza mchenga ndi miyala ya milingo yosiyana. Mapaipi a madzi ndi ovutirapo, chifukwa mphamvu yotayika m'paipi sikwera mofanana ndi madzi odutsa. Pamenepo umayerekeza, kuwerengera, nkubwereza mpaka manambala atakhazikika.

Chimene chimandiwawa ndi ana a ku sekondale. Amaphunzira kuchotsera equation ina ku inzake, amalemba MSCE, amakhoza, koma ambiri palibe anawauzapo kuti pamwamba pa mitu yawo, m'kalasi momwemo, muli ma equation 16 atakhomedwa ndi misomali. Mphunzitsi wa masamu ataitana kalipentala wa m'mudzi tsiku limodzi, ndi zidutswa zisanu ndi hamala, mwana sangadzafunsenso kuti x ndi y adzamuthandiza chiyani. Mnyamata amene anadzasuzumira uja anali atasiyira sukulu Fomu 3. Madzulo anandipempha kuti ndimutumizire fayilo pa WhatsApp kuti akaitsegule pa foni.

## Zimene tebulo silinena

Sindikufuna wina awerenge izi nkuganiza kuti MINVERSE yalowa m'malo mwa injiniya. Tebulo limakuuza mphamvu imene ili mu thabwa. Silikuuza ngati thabwalo lingaipirire. Silidziwa ngati paini wake ndi wouma kapena anachekedwa dzana, ngati ali ndi mfundo yaikulu ya nthambi pakati, ngati anapakidwa mankhwala a chiswe. Silidziwa mphepo yeniyeni ya pamalopo, imene ine ndinangoiyerekeza. Nyumba yosonkhanamo anthu ambiri iyenera kuonedwa ndi injiniya wovomerezeka amene angasaine, ndipo a tcheya ndinawauza zimenezo momveka. Anatumiza chojambula kwa woyenera ntchito isanapitirire.

Koma nambala imodzi ya m'tebulo inasintha bajeti tsiku lomwelo. Matabwa a pamsika safika mamita 8, choncho logona pansi liyenera kulumikizidwa penapake. Anthu ambiri amangogundanitsa awiri nkukhoma kadutswa pamwamba ndi misomali ingapo, poganiza kuti thabwa limenelo limangogona. Tebulo linaonetsa kuti 3.0 kN ija ili paliponse, kuyambira khoma ili mpaka ilo, ndiye palibe malo opepuka obisapo cholumikizira. Matumba asanu ndi limodzi a chimanga akukoka usana ndi usiku, ndipo cholumikiziracho chikamasuka otsetsereka amatambasuka nkuyamba kukankha makoma kunja.

Malume anali atapempha kale mabawuti ndi matabwa ophatikiza mbali zonse ziwiri za cholumikizira, koma komiti inali itachotsa mzere umenewo pa mndandanda wa zogula. A tcheya anatulutsa kope lawo m'thumba la jekete, anafunsa mtengo wa bawuti limodzi ku Dedza boma, anachulukitsa ndi chiwerengero cha ma truss, nkuubwezera. Za mapolo a matenti anagwirizana kuti amange kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa holo, pogwiritsa ntchito njerwa zotsala.